Chiwongolero cha NyaJoni

Mukafika pa boma pa Mzimba n'kufunsa komwe kuli Zondwayo Thole, anthu salozanso ndi chala, amangoti tsatani phokosolo. Kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango, pali kashedi ka malata komwe bamboyu wakhala akuwotcherera zitsulo kwa zaka makumi atatu. Amapanga mafelemu a mawindo, mageti ndi mbaula, ndipo ngolo ikathyoka kumudzi imathera kwa iye. Ndi munthu wamfupi, wadazi, woseka nthabwala yake asanaimalize n'komwe. Maso ake amakhala ofiira chaka chonse chifukwa magalasi owotcherera amawavala pachipumi, akuti akawatsitsira m'maso saona bwino. Ntchito yake ndi yolimba, pamenepo palibe wotsutsa. Koma akakuuzani kuti mubwere Lachiwiri, mufunse kuti la mwezi uti. Chomwe chinkamuchedwetsa chinali pambali pa shedi pomwepo, chitakhala pa njerwa, chitafunditsidwa lona wong'ambika.

Dzina lake ndi NyaJoni, pikapu yakalekale ya mphuno yaitali ndi magetsi ozungulira. Bambo ake a Zondwayo, malemu a Aaron Thole, anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1974. Amayi a kwawo ku Edingeni ataona mmene a Thole ankaipukutira m'mawa ndi madzulo anangoti bamboyu wabwera ndi mkazi wachiwiri, n'kuipatsa dzina loyamba ndi Nya ngati mtengwa weniweni, mkazi wokwatiwa pamudzipo. Galimotoyo inanyamula fodya, chimanga, akwati, amayi apakati ndi mabokosi a maliro a dera lonselo. A Thole anabweranso ndi chizolowezi cha ku Joni, komwe galimoto ukaisiya panja umaipeza kulibe. Akangoimika NyaJoni ankamasula nati, kuzula chiwongolero, n'kulowa nacho m'nyumba chili kukhwapa. M'mudzi monsemo munalibe wina wodziwa kuyendetsa ngakhale njinga yamoto, koma chiwongolerocho chinkagona pansi pa bedi tsiku lililonse.

A Thole anamwalira mu 2009, NyaJoni itaima kale zaka zisanu, udzu utamera m'matayala. Pogawa katundu, akuluakulu anapereka galimotoyo kwa ana aamuna awiri, Zondwayo ndi mkulu wake, a Gordon. A Gordon ndi bambo wa mu ofesi ku Lilongwe, wovala tayi ngakhale Loweruka, ndipo iwo ananena pomwepo kuti chitsulocho chigulitsidwe. Zondwayo anadzambatuka pamphasa, maso ali psu ndi kulira, n'kulumbira pamaso pa mudzi wonse kuti NyaJoni idzalowanso pa khomo limenelo injini ikulira. Anaikoketsa ndi thirakitala mpaka pa boma. Poona kuti chiwongolero mulibe sanadabwe. Anangomanga bobojani, chisipanala chachikulu chija, pa shafuti pomwe chiwongolero chimalowa, n'kumakhotetsa ndi chimenecho. Mumtima anati chiwongolero chili m'tiranki ya adada, adzachitenga tsiku lomaliza.

Tsiku lomalizalo linatenga zaka khumi ndi zinayi. Injini anaiphwasula katatu, ndipo ulendo uliwonse pobwezera ankatsala ndi mabawuti m'mbale osadziwa kwawo. Mapisitoni anakawasaka ku Lundazi. Pansi pamene panabooka ndi dzimbiri anapamata ndi chitseko cha furiji yakufa. Chaka china njuchi zinamanga m'chitseko cha kumanzere, ntchito n'kuima mpaka atafula uchi. Mkazi wake, Loyce NyaZiba, mayi wodekha koma wa lilime losaphonya, anasoka mipando ndi manja ake, kenaka atatopa n'kudikira anayamba kuyanika ufa pa boneti. Ana awo atatu anakula, kumaliza sukulu, woyamba wawo Tionge n'kukwatiwa, NyaJoni ikadali pa njerwa. Aliyense wodutsa ankakuwa kuti, "A Thole, inyamuka liti?" Iye ankayankha mosangalala, osaphethira n'komwe, kuti sabata yamawa. Chomvetsa chisoni n'chakuti sankanama. Ankakhulupiriradi.

Zinthu zinafika pa mpondachimera pa Isitala ya chaka chatha. Achibale anakumana ku Edingeni kuti akambirane zovundukula chiliza cha malemu, n'kusankha Loweruka lachiwiri la Seputembala. Atatha za simenti ndi za ng'ombe yopha, a Gordon anakonza tayi n'kutembenukira kwa mng'ono wawo.

"Zondwayo, ine ndatopa kumva kuti galimoto ya adada yasanduka poyanikira ufa. Tsiku la chiliza ifike kuno ikuyenda ndi injini yake. Ikapanda kufika, ndibwera ndi ogula zitsulo zakutha, aidule ndi moto, nkhani ithere pomwepo. Tamvana?"

"Yewo, akulu. Mbwenu tamvana," anatero Zondwayo akumwetulira.

Koma atabwerera pa boma, Loyce akuti tsiku limenelo mwamuna wake anakana tiyi. Anthu ogula zitsulowo ankawadziwa bwino. Anawaonapo akudula basi yonse masana amodzi ngati akugawana nyama.

Kuyambira pamenepo mageti a anthu anaiwalika kotheratu. Eni ake ankabwera atakwiya, n'kupezeka agwiriziza tochi pansi pa galimoto. Ndiye kumapeto kwa Ogasiti, kutatsala masabata awiri, injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira. Utsi wakuda unadzaza msika, amayi a tomato n'kuthawa malo awo. Zondwayo anatuluka pansi pa boneti nkhope ili bii, n'kuyamba kuvina ingoma yekhayekha, sipanala m'malo mwa chibonga, chivindikiro cha dilamu m'malo mwa chishango, akuponda pansi mpaka fumbi koboo. Anakumbatira telala, anakumbatira wamakala, anakumbatiranso mlendo wina amene ankangofunsa njira ya kuchipatala. Loyce anafika akupukuta manja pa chitenje.

"Ndamva, adada a Tionge, yalira. Nanga mukhotetsa ndi chiyani? Bobojani mpaka ku Edingeni?"

M'mawa mwake Zondwayo anapita kumudzi akuimba mluzu. M'tiranki anapezamo jekete ya ku migodi ndi buku la nyimbo, chiwongolero mulibe. Anasanthula nyumba yonse, anakwera kudenga, analowa m'nkhokwe mpaka m'chiuno. Pomaliza mayi wina wa pamudzipo anamukumbutsa mmene kugawa kunayendera. Za panja, monga ng'ombe, ngolo ndi galimoto, zinapita kwa ana aamuna. Za m'chipinda chogona, mabulangete ndi chilichonse chomwe chinali pansi pa bedi, zinakulungidwa pamodzi n'kupatsidwa kwa mchemwali wa malemu. Palibe anafunsa ngati galimoto ndi chiwongolero chake zili pachibale. Chinapezeka m'chipinda, ndiye chinali cha m'chipinda.

Mchemwali wa malemuyo ndi a Iness NyaThole a ku Champhira, amene Zondwayo amawaitana kuti Ankhazi, monga aitanira azakhali kuno. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi, thupi ngati la mwana wa sitandade faifi, amafwenkha fodya, ndipo m'banja la a Thole mawu awo palibe amawalumpha. Zondwayo anawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anagwada, anapereka moni wonse, anafunsa za miyendo, anafunsa za mbuzi, kenaka mtima uli m'mwamba anafunsa za chiwongolero.

"Siteringi ya mlongo wanga? Ilipo," anatero Ankhazi. "Ili pa ntchito."

Anamutengera kukhitchini. Mmenemo chiwongolero cha NyaJoni chinali chikulendewera pa phaso ndi zingwe zitatu, chitayalidwa udzu bwinobwino. Pakati pake panakhala nkhuku yamawangamawanga, yotukumuka, ikumuyang'ana Zondwayo ndi diso limodzi.

"Zaka zonsezi nkhuku zanga zimaswera mmenemu," anatero Ankhazi monyadira. "Galu safikapo, nyenga safikapo. Iyi yakhalira mazira khumi ndi limodzi. Iswa Lachinayi la sabata yamawa."

"Ankhazi, chiliza ndi Loweruka la sabata yomweyo! Ndikuwotchererani chisa china lero lomwe, cha chitsulo chatsopano, chokongola chomene."

"Nkhuku yokhalira saisuntha. Ukaisuntha imanyanyala, mazira n'kusukusa. Iwe wadikira zaka khumi ndi zinayi, masiku ochepawa akuvuta?"

Zondwayo anapempha, anaomba m'manja, anafotokoza za a Gordon ndi za anthu odula ndi moto. Ankhazi anafwenkha fodya, kuyetsemula, n'kuyankha kuti nkhuku yawo pa msonkhano wa pa Isitala panalibe.

Atabwerera pa boma anayesa chiwongolero cha minibasi, cha thirakitala ndi cha lole yakufa ya kuseri kwa chigayo. Palibe chinalowa. Mano a shafuti ya NyaJoni ndi amakedzana, salumana ndi za masiku ano. Anaganiza zongowotcherera chilichonse pamenepo, anayatsa makina n'kuyatsa, koma manja anakana. Ndiye munthu wamkulu, wa zidzukulu ziwiri, anayamba kuimba foni ku Champhira m'mawa uliwonse kufunsa mmene nkhuku yadzukira. Nkhani inafala msika wonse. Odutsa anasiya kufunsa kuti inyamuka liti, ankangokuwa kuti, "Yaswa?" Ena akuti nkhukuyo inatchulidwa pa mapemphero a amayi a mvano, koma zimenezo zilibe umboni.

Lachinayi linafika, linapita, nkhuku ili phee. Tsiku limenelo Zondwayo sanaseke ngakhale kamodzi, ndipo anthu anachita mantha kumuona chotero. Lachisanu m'mawa foni inalira kuti anapiye asanu ndi anayi atuluka. Zondwayo anaponya kapu ya tiyi m'mwamba. Koma Ankhazi anati mazira awiri otsalawo nawonso ndi ana, awadikira mpaka dzuwa lifike paliwombo. Limodzi linaswa, linalo analigwedeza pakhutu n'kulitaya. Zondwayo atapempha kuti chiwongolerocho achipatse kondakitala wa minibasi, Ankhazi anamufunsa ngati wapenga.

Anabwera nacho okha. Cha m'ma 4 koloko madzulo anatsika minibasi pa depoti atachibereka kumbuyo ndi chitenje ngati mwana, n'kuyenda pakati pa msika anthu akuwapatukira. Atafika pa shedi sanachimasule msanga.

"Mlongo wanga anandinyamula zaka makumi atatu kumbuyo uko, pamodzi ndi matumba a chimanga," anatero. "Mawa ndikhala kutsogolo."

"Kutsogolo, Ankhazi! Mukafuna ngakhale pa boneti!"

Loyce anatenthetsa madzi. Zitosi za zaka khumi ndi zinayi sizichoka ndi mawu okoma, zinafuna sopo, mchenga ndi mpeni wobuntha. Pansi pake panatuluka chiwongolero chakuda, chopyapyala, cha batani la hutala pakati. M'malo awiri, pomwe a Thole ankagwira, chinali chitadyeka n'kusalala. Zondwayo anapasisita ndi chala chachikulu n'kuwasowa adada ake mwadzidzidzi, pakati pa anthu. Kenaka anapukuta mphuno n'kuyamba ntchito. Anawongola matayala akutsogolo poyeza ndi chingwe, kuti chiwongolero chisadzakhale chopendekeka. Anapaka girizi pa mano a shafuti, n'kuchitsetsereza pang'onopang'ono. Chinalowa kuti tswii ngati chinachoka dzulo. Amayi a tomato analuluta.

Kunatsala kawaya ka hutala, kamene kamadutsa m'kati mwa shafuti n'kutulukira pakati pa chiwongolero. Munthu wodekha amakapinda bwinobwino, kukaika pambali, kenaka n'kumanga nati. Koma anthu ankaimba, dzuwa linkapendeka, ndipo Zondwayo ankagwira ntchito uku m'chiuno mukugwedezeka. Anangokakankhira m'kati ndi chala n'kumanga nati ndi mphamvu zake zonse, osadziwa kuti wakapana. Kuyesa sakanatha chifukwa batire inali kotchaja mpaka m'mawa. Batireyo inayenera kudzaza mpaka pakamwa, poti dayinamo ya NyaJoni, kachipangizo kodzazitsa batire galimoto ikamayenda, inali isanachire. Iye anali atawerengera kale kuti akapanda kuyatsa magetsi kapena china chilichonse, batire yodzaza iwafikitsa ku Edingeni n'kutsalako.

Loweruka ananyamuka dzuwa litangotuluka. Zondwayo anavala suti ya ukwati wa Tionge, magalasi owotcherera ali pachipumi chifukwa anaiwala kuwavula. Ankhazi anakhala pambali pake atakhalira pilo kuti aziona kunja. Kumbuyo kunakwera Loyce ndi amayi asanu a kwaya, onse m'zitenje zofanana za chiliza. NyaJoni inatsika pa malo ake a zaka khumi ndi zinayi n'kulowa mumsewu ikugwedeza matako. Pa kona ya msika Zondwayo anakhotera kumanzere.

"Mbooooo!"

Hutala inalira yokha, mawu aakulu ngati a nkhunzi. Wanjinga wina anagwera mu ngalande ndi kabichi wake. Zondwayo atawongola chiwongolero, hutala inasiya. Anakhoteranso kumanzere, inaliranso. Anadziwa pomwepo kuti kawaya kaja kapanika ndipo kakukhudza chitsulo. Inali ntchito ya mphindi ziwiri, kungotsika n'kuzula waya ku hutala. Anayamba kuponda buleki.

"Usakhudze!" anatero Ankhazi, akumumenya pa bondo. "Mlamu wangayu wakhala chete zaka zonsezi. Lero wayankhula ndiye umutseke pakamwa?"

Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanati Ankhazi pepani, batire ndi yowerengera. Koma tinene zoona, nayenso Zondwayo zinali zitamukomera. Msewu wafumbi wa ku Edingeni uli ndi makona ambiri, ndipo pa kona iliyonse ya kumanzere midzi inkatuluka. Amayi ankasiya mitondo, abusa a ng'ombe ankathamangira kumsewu, anjinga ankatembenuka n'kuyamba kulondola. Pa malo ena nkhalamba ina inaima ndi ndodo, kuvula chipewa, n'kukuwa kuti, "Ya a Thole! Ya a Thole yauka!" Ankhazi ankabayibitsa ndi manja onse awiri ngati mkwatibwi, akuseka mpaka usinini wonse panja. Kumbuyo kwaya inayambitsa nyimbo, ndipo hutala inkalowerera pomwe yafuna, amayiwo n'kumaiyankha.

Zondwayo analedzera osamwa kanthu. Pomwe msewu unali wowongoka anayamba kuupangira makona ake. Ankapita kumanja pang'ono kuti apeze chifukwa chobwerera kumanzere. Akaona tchalitchi, mbooo. Akaona mjigo pali anthu, mbooo. Analizira ngakhale mbuzi ziwiri zomwe zinangomuyang'ana. Ankaimba, ankamenya chitseko ndi chikhatho, ankauza Ankhazi kuti mawa apita nawo ku Mzuzu, mkuja ku Karonga. Loyce anagogoda padenga.

"Adada a Tionge, batire!"

"Ilipo, NyaZiba! Ilipo chomene!"

Inalipodi, koma inkapita. Atadutsa theka la ulendo nkhunzi ija inayamba kulira ngati thole, kamwana ka ng'ombe. Patsogolo pang'ono inkalira ngati mbuzi ya chimfine. Zondwayo anasiya kuimba. Anaima n'kuzula waya uja tsopano, koma madzi anali atatayika kale. Injini inayamba kudumphadumpha. Iye anaweramira kutsogolo, chibwano pa chiwongolero, akuinyengerera ndi mawu onse okoma omwe sanamuuzepo ngakhale Loyce. NyaJoni inayesetsa. Inakwera kamtunda komaliza, inatsetsereka kulowa m'dambo, inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Mudzi unali apo, mtunda wa bwalo la mpira. Ankaona utsi wa nyama, matenti, ndi anthu ali mbwee m'zitenje zofanana. Pansi pa mtengo wa muwanga panaima lole yoyera yokhala ndi mabotolo a gasi kumbuyo. A Gordon sanabwere okha, anabweradi ndi ogula zitsulo aja.

Amayi a kwaya anatsika n'kukankha kuti ilire, koma batire ikafa chotero ngakhale mukankhe mpaka ku Zambia. Anayesa katatu m'mchengamo. Zondwayo anabwezera waya wa hutala pamalo pake, osadziwa n'chifukwa chake, n'kutseka boneti. Anakhala pa bampala manja ali lende. Sanakwiyire Ankhazi, sanakwiyire nkhuku. Ankadziwa amene anapanga makona pa msewu wowongoka, ndipo manyazi anamugwira.

Anthu anayamba kutsika kuchokera kumudzi, a Gordon ali patsogolo, mu suti yakuda, akuponda mchenga mosamala. Anazungulira galimotoyo kamodzi osaikhudza. Anayang'ana utoto, anayang'ana mipando ya Loyce, kenaka anayang'ana mng'ono wawo. Zondwayo akanatha kukangana. Akanati dambo ndi la mudzi womwewo, akanati abwereke batire ya loleyo. Koma anaimirira n'kuvula magalasi pachipumi.

"Sinafike, akulu. Ndaipha ndekha ndi chibwana."

"Ndaona," anatero a Gordon.

Ankhazi, omwe anali akadali pa pilo wawo, anasuzumira pa windo.

"Nanga ine ndigone m'dambo muno? Abusa akudikira. Kankhani, mukadulire kumudzi. Iwe Gordon, ndi msana wakowo sungakankhe kanthu. Lowa ugwire siteringi."

A Gordon anafuna kukana, koma mawu a Ankhazi sabwezedwa. Anakung'untha mchenga ku nsapato n'kulowa. Anaika manja pa chiwongolero mosamala ngati n'chotentha, zala zawo n'kupeza zokha malo odyeka aja.

Zondwayo anapita kumbuyo n'kuika phewa pa chitsulo. Loyce anaima pambali pake. Kenaka kunabwera amayi a kwaya, azibale, ovina ingoma ataika zishango zawo pansi, ngakhale abusa atakwinya mkanjo. Wina anayambitsa nyimbo. NyaJoni inasuntha, inatuluka mumchenga, inayamba kukwera, ndipo anthu atamva kupepuka anayamba kuthamanga nayo akukuwa. Polowa pa bwalo a Gordon anakhotera kumanzere, ndipo batire itapuma pang'ono ija inapereka kotsiriza. Hutala inati, "Mee." Anthu anagwa nacho chiseko, ena kukhala pansi. Zondwayo sanaseke. Kudzera pa galasi la kumbuyo ankaona mapewa a mkulu wake akugwedezeka, ndipo sikunali kuseka.

Mwini lole uja anabwera akutafuna nyama. Anagogoda boneti ndi chibakera, kumvetsera kulemera kwa chitsulo, n'kuweramira pa windo.

"Bwana, tidulire pompano kapena tikweze yonse?"

A Gordon sanachotse manja pa chiwongolero. Tayi inali itapita kumbali, nkhope itanyowa.

"Ine ndili ndi zaka sikisite thuu, bambo. Lero ndi koyamba kuchigwira chimenechi. Adada sankalola." Anayang'ana dzanja la munthuyo pa boneti. "Chotsani dzanja lanu pa galimoto yathu. Kadyeni nyama, mukatha muzipita bwino."

Kenaka anatulutsa mutu pa windo n'kuyang'ana kumbuyo.

"Zondwayo! Waimiranji? Kumanda n'kutsidya uko. Kankha, adada aione!"

Zondwayo anabwezera phewa pa chitsulo. Anawerama n'kukankha, akulira, akuseka, suti ya ukwati itang'ambika kukhwapa. Zaka zonsezo ankadziona akulowa kwawo ali kutsogolo, chigongono pa windo. Analowa ali kumbuyo, fumbi lili m'kamwa, ndipo chibadwire sanakondwepo chotero.